Abiti Jafali, Mayi wa Bere Limodzi

Mwezi wathawu adzukulu a Abiti Jafali anaphika sadaka yokumbukira agogo awo, ndipo ananditumizira uthenga kuti ndikapezeke. Tikudya mpunga kuseri kwa nyumba, mtsikana wina amene anabadwa agogowo ataikidwa kale anandifunsa kuti, "Anti, akuti agogo anali munthu wofatsa, eti?" Ndinatsamwa. Amayi awiri amene ndinkasewera nawo mpira tili atsikana anaweramitsa mitu, mapewa akugwedezeka. Mwanayo sitinamuyankhe bwino, nchifukwa chake ndaganiza zolemba.

Abiti Jafali sanali wofatsa. Anali mayi wamtali, wa mapazi aakulu ong'ambika zidendene, ndipo akaitana munthu ali pakhomo pawo ankamveka mpaka m'minda ya mpunga ku sikimu ya Likangala. Dzanja lawo lamanja linali lotupa kuyambira paphewa mpaka kuzala, lolemera ngati munsi. Bere la mbali imeneyo kunalibe. Amayi ena akadulidwa bere amaikapo nsanza kuti anthu asaone, koma iwo ankangovala bulauzi choncho, mbali ina ili pwata. Mwana akawayang'anitsitsa ankamuuza kuti afunse, asamangotong'ola maso ngati mlamba wouma.

Ife tinawadziwira pa bwalo la ntchemberembaye, mpira wamanja wa atsikana. Masewerawa anawaphunzira ali wophika pa sukulu ina ya atsikana ku Zomba. Akamaliza kutsuka miphika ankaima pambali pa bwalo n'kumaonerera, mpaka tsiku lina atasowa wosewera mmodzi anawalowetsa, ali ndi epuloni yomwe. Atabwerera kumudzi analambula malo pakati pa mzikiti ndi njira yopita ku doko la Kachulu, nazika mitengo iwiri ya bulugamu. Mphete zoponyeramo mpira zinali malimu a njinga, ndipo mudzi wonse unkadziwa mwini njingayo.

Nkhani yake inali yotere. Nyanja isanaume ulendo uja anthu anayenda pansi mpaka ku chilumba cha Chisi, Abiti anapeza kachotupa kolimba m'bere. Amuna awo, a Che Mdala, anawatengera kwa sing'anga amene anatemera berelo ndi lezala n'kupakamo mankhwala otentha. Bala linakula, linayamba kununkha, ntchentche osachoka. Tsiku lina Abiti anangomanga nsalu pachifuwa, anakwera lole ya nsomba, n'kukatsika pa chipatala cha ku boma. Madokotala anati ndi khansa. Anadula bere lonse, anakumba mpaka kukhwapa, ndipo namwino anawauza mosabisa kuti mwina mpunga wa chaka chamawa sadzaudya. Ali chigonere m'chipatala, a Che Mdala anakwatira mkazi wina, n'kumauza anzawo padoko kuti kukhala ndi mkazi wa bere limodzi n'chimodzimodzi kugona ndi maliro. Mawuwo anawafika Abiti asanatuluke n'komwe. Tsiku limene anabwera, ulusi ukadali pabala, anaponya panja mphasa ndi zovala za mwamunayo, poti mudzi unali wawo, iye anali mkamwini. Kenako anatenga munsi ndi dzanja lamanzere n'kuiphwanya njinga yake, chitsulo ndi chitsulo, anthu akuonerera. Mawilo okha anawachotsa bwinobwino, nawasunga.

Mpunga wa chaka chimenecho anaudya, ndi wa zaka zina zoposa makumi awiri.

Pabwalo ankamenya. Izi sindingabise. Ankayenda ndi bango m'manja, ndipo ukathawa mpira poopa kuti ukupweteka zala, bangolo linkakupeza m'miyendo. Ankanena kuti masiku amene ali nawo ndi ongowonjezeredwa ndi Mulungu, ndiye alibe nthawi yonena chinthu kawiri. Ine mbama yawo ndinailandira tsiku limene ndinaseka mnzathu wina diresi yake itang'ambika kumbuyo. Khutu linalira mpaka madzulo. M'mawa mwake anandiitana, anandipatsa singano, n'kundiuza kuti ndikasoke diresiyo kwawo kwa mtsikanayo, pamaso pa amayi ake. Makolo ena ankabwera kudzadandaula za zikwapuzo, koma ambiri ankabwerera panjira akangomva mawu awo.

Ndi shehe wa mzikiti wathu, a Che Bwanali, anakangana chaka chathunthu. Shehe ankati ana aakazi achisilamu sangamadumphe mawondo ali pamtunda, anyamata opita kunyanja akuona. Lachisanu lina anthu akutuluka mumzikiti, Abiti anawadikira pakhomo.

"Che Shehe, mwana wamkazi akakhala phee pakhonde, mukudziwa amene amabwera kudzamutenga? Wogula nsomba wa imvi, wa akazi atatu."

"Abiti, nkhani zotere sitikambira pamsewu."

"Nanga tikakambire kuti? Mkatimo ine ndimakhala kuseri kwa nsalu, simundimva."

Anamvana kuti tizisewera titamanga zitenje ndi chingwe m'chiuno, komanso kuti azana, kuitana kwa mapemphero, ikamveka mpira uziima. Pamenepo Abiti sankanyengerera. Ngakhale mpira uli m'malere, ankaimba wenzulo, n'kuyala thumba la mpunga pansi pa mtengo, n'kuyamba kuswali. Poweramira pansi dzanja lotupa lija ankachita kulinyamula ndi linzake. Atsikana achikhristu ankakhala pansi chete mpaka amalize. Wolankhula ankadziwa chomwe chimudikira.

Ntchito yawo ina inali yoti palibe anawatuma. Kumene amayi amasamba ndi kuchapa ku mtsinje wa Likangala, iwo ankayang'ana zifuwa za anzawo mopanda manyazi. Akakayikira, ankamukokera mayiyo pambali n'kumugwiragwira bere. Akapeza chotupa, m'mawa mwake anali pakhomo, atavala nsalu yawo ya paulendo, kuti tiyeni ku Zomba. Mbiri inafika mpaka kutsidya kwa nyanja, moti amayi ankabwera okha pabwato kudzawafuna. Amuna ambiri sankafuna. Msodzi wina wa ku Kachulu anatsekera mkazi wake m'nyumba, nati mkazi wake sakadulidwa ngati mbuzi. Abiti anathyola chitseko ndi khasu. Mwamunayo anawatema ndi chikwanje padzanja labwino lija, nyama inatseguka mpaka fupa kuoneka. Anamanga balalo ndi mpango wa kumutu, n'kukwera lole limodzi ndi mayiyo, onse awiri odwala. Mayiyo anamwalirabe miyezi ingapo itapita, chifukwa anachedwa. Ambiri amene ankawaperekeza ankamwalira. Akamwalira, wosambitsa mtembo analinso Abiti yemweyo, poti amayi ena ankathawa fungo la mabala. Ankati palibe mkazi amene adzapite kwa Mulungu wake ali wakuda iwo adakali moyo.

Mwana wawo wamwamuna anali mmodzi yekha, Yusufu. Atakula analowa gulu la anyamata a chipani, aja ovala malaya ofiira, ndipo posakhalitsa anakhala mtsogoleri wawo kudera kwathu. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo wopanda khadi lake sankalowa mumsika kapena kukwera bwato. Abiti khadi anali nalo monga aliyense. Chimene chinawakwiyitsa ndi pamene anamva kuti Yusufu wabweza mayi woyembekezera pachipata cha msika, ati agulirenso khadi mwana wa m'mimba. Yusufu atabwera kudzadya, Abiti anamulanda mbale, n'kukhuthulira nkhuku.

Pa timu yathu woponya bwino kuposa tonse anali Feliya, mwana wa bambo Namakhwa. Banja lawo linali lachilomwe, alimi a chinangwa ndi mpunga, anthu osayambana ndi munthu. Koma mpingo wawo unkaletsa kugula makadi a chipani. Chilimwe china tinayamba kumva kuti m'midzi ina kwa Kuntumanji anthu a mpingo umenewo akuwaotchera nyumba. Makolo athu anatiuza kuti tisamayende ndi Feliya. Abiti anati pabwalo pawo khadi lake ndi manja, ndipo Feliya anapitiriza kubwera.

Tsiku lina tinali pakati pa masewera, dzuwa litapendeka pang'ono. Mtsikana wina analoza utsi wakuda kuseri kwa nthochi. Feliya anangoponya mpira pansi n'kuyamba kuthamanga. Abiti anakuwa kuti timugwire, koma ndani akanamupeza? Tonse tinamutsatira, iwo akubwera pambuyo, dzanja lotupa atalikumbatira.

Tinapeza nyumba ikuyaka, nkhokwe ikuyaka, mbuzi zili gone pabwalo atazidula miyendo. Bambo Namakhwa anali atawamangirira ku mtengo wa mango ndi mphira za njinga, malaya atawavula. Anyamata ankasinthana kuwamenya ndi zibonga ndi tcheni cha njinga, akuimba nyimbo za chipani. Akamenya ankafunsa kuti, "Mugula kapena simugula?" Bamboyo sankayankha, magazi akutsika m'kamwa mpaka pamimba. Akazi awo anali pansi, wina atawaponda pakhosi. Anthu a m'mudzi, amuna akuluakulu amene tinkawaopa, anaima patali m'mphepete mwa munda, manja kumbuyo. Yusufu anaima pakati pa bwalo, ndodo m'manja, akulamula.

Feliya anathamangira kwa bambo ake. Anyamata awiri anamugwira, wina tsitsi, wina mwendo, n'kuyamba kumukokera kubango. Iye ankangokuwa kuti, "Amayi! Amayi!" ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankaitana omubereka kapena Abiti, poti tonse tinkawatchula choncho.

Abiti anatola mpini wa khasu umene unali pafupi ndi khola, n'kumenya mnyamata wogwira tsitsi uja pamkono. Tinamva fupa likuthyoka ngati nkhuni. Winayo anamumenya m'nthiti, anagwa chagada. Nyimbo inatha. Anyamata onse anatembenuka, n'kuwazungulira.

"Amayi, chokani apa," anatero Yusufu. "Izi ndi za boma."

"Bwera pafupi, sindikumva."

"Ndati chokani. Musandichititse manyazi pamaso pa anthu anga."

Abiti anataya mpini. Anagwira bulauzi yawo pakhosi n'kuing'amba mpaka pamchombo. Ife amene tinkasamba nawo kumtsinje chipseracho tinkachidziwa, koma amuna anali asanachionepo: mzere wokhwinyata, wakuda, kuchokera pakati pa chifuwa mpaka kukhwapa, nthiti zikuwerengeka pansi pake. Amuna a m'mudzi aja anayang'ana kumbali.

"Yusufu, ili unalikonda lija anadula ku Zomba, anakataya. Latsala ili. Nalonso unayamwa. Bwera udule, ukapereke kwa akulu ako, akukweze."

Yusufu sanasunthe. Koma pagululo panali mnyamata wina wochokera kutali, amene Abiti sanali kanthu kwa iye. Ameneyo anazunguza tcheni n'kuwamenya nacho pakamwa. Mano anagwera m'fumbi. Anadzandira, koma pogwa anagwera pa Feliya, n'kumupanikiza pansi, n'kumukolowekeza ndi dzanja lotupa lija. Anyamata anayesa kuwakoka miyendo, anayesa kukanula dzanjalo, osatheka. Ndiye anayamba kuwamenya kumsana. Anamenya ndi zibonga, ndi tcheni, wina ndi nkhuni yoyaka imene anasolola padenga. Fungo la khungu lopsa linatifika pamene tinaima. Abiti sanalire. Chimene tinkamva ndi mpweya wokha ukutuluka nthawi iliyonse chibonga chikatera. Yusufu sanamenye nawo, komanso sanaletse. Anangoima, ndodo ili lende.

Amene anayamba kuyenda anali a Che Bwanali, shehe uja ankakangana nawo. Anatuluka pagulu la amuna, n'kumayenda pang'onopang'ono kulowa pabwalo, akunena mokweza mawu amene timanong'oneza munthu akamatsirizika. Amayi atamva zimenezo anayamba kulira maliro, mudzi wonse pamodzi. Ambiri mwa anyamatawo anali ana a m'midzi yomweyo, anaphunzira madarasa kwa shehe yemweyo. Mmodzi anataya chibonga, wina anabwerera m'mbuyo. Kupha mayi wa mtsogoleri wawo pamaso pa shehe sikunali m'zimene anawatuma. Ananyamula mnzawo wothyoka mkono uja n'kumapita, Yusufu pambuyo pawo.

Kuti timutulutse Feliya tinachita kukanula zala za Abiti chimodzichimodzi. Mtsikanayo analibe bala lililonse, koma diresi yake yonse inali magazi a Abiti.

M'mawa mwake msodzi wina anabisa banja lonse la a Namakhwa m'bwato pansi pa maukonde, n'kuwaolotsa kupita mbali ya ku Mozambiki. Pobwera anatiuza kuti bamboyo anafera panyanja, anakawaika kutsidya. Feliya sitinamuonenso. Ena amati anakwatiwa cha ku Milanje, ena amati anamwalira pa nkhondo ya kumeneko. Abiti ankafunsa aliyense wochokera kutsidya mpaka ukalamba wawo.

Mabala asanapole kunabwera galimoto ya boma, n'kuwatenga Abiti ali pamphasa. Palibe anafunsa kumene akupita nawo. Anabwerera mvula itayamba, mutu wometedwa, thupi litatha, akulankhula mopeperera chifukwa cha mano. Za kumene anali sananenepo kwa munthu, ngakhale kwa achemwali awo. Ife titapita kukawaona, tikulira, anatiyang'ana n'kufunsa kuti mpira akusunga ndani, ndipo n'chifukwa chiyani bwalo lamera udzu. Atsikana ambiri makolo awo anawaletsa kubwerera. Tinatsala ochepa, osakwana matimu awiri, moti Abiti ankalowa okha kuti tikwane, akuponya ndi dzanja limodzi, akutikalipira monga kale.

Dzina la Yusufu analeka kulitchula. Akabwera pakhomo, ankafunda nsalu kumutu n'kutembenukira kukhoma mpaka achoke. Shehe anayesa kuwauza kuti Mulungu amakonda wokhululuka. Anayankha kuti mlanduwo si wawo, ndi wa a Namakhwa, ndiye Yusufu akawapeze kumene anawaika akapepese komweko. Zinakhala choncho zaka zambiri. Kenako zinthu zinamutembenukira Yusufu. Anayambana ndi akuluakulu ake, ndipo anyamata omwe ankawalamula aja anamuthyola miyendo yonse n'kumutaya m'ngalande ya sikimu. Anthu ankamudutsa, poopa kuoneka akumuthandiza. Abiti anabwereka wilibala, anakamutenga masana dzuwa likuswa mtengo, n'kudutsa naye pakati pa msika. Anamusunga m'nyumba mwawo miyezi yambiri, akumudyetsa, akumutayira zonyansa. Yusufu mwini anandiuza patapita zaka kuti nthawi yonseyo mawu amene anamva kwa amayi ake anali amodzi okha, obwerezabwereza: "Tembenuka ndikupukute." Atachira anakhala wotsimphina, wosoka maukonde padoko, ndipo madzulo aliwonse ankabweretsa matemba n'kuwasiya pakhonde. Abiti ankaphika n'kudya. Kupitirira pamenepo sindikudziwa.

Khansa inabwerera atakalamba, ulendo uno m'mafupa a msana. Mayi amene sanalire pansi pa zibonga uja tsopano ankakuwa mpaka ana kuthawa panjira. Ululu ukatsika ankapempha madzi, n'kutawaza (kudziyeretsa), n'kuswali ali chigonere, akungogwedeza mutu. Mwezi wa Ramazani utafika anakana kudya masana, ngakhale shehe anawauza kuti wodwala saumirizidwa. Anaitanitsa amayi awiri, n'kuwaphunzitsa kusambitsa mtembo pogwiritsa ntchito thupi lawo lomwe: poyambira, potembenuzira, pomangira sanda. Wina akalakwitsa ankamumenya padzanja. Anamwalira masana, mwezi womwewo.

Chipani chinali chidakali chimodzi, ndiye pamaliro palibe anatchula a Namakhwa. Wapampando wa chipani anaima n'kuthokoza malemuwo chifukwa chotukula masewera a atsikana m'dera. Yusufu ananyamula nawo jeneza, akutsimphina, osalola kulandiridwa mpaka kumanda. Mmodzi mwa amayi osambitsa aja anandiuza kuti atawatembenuza, analephera kupeza malo kumsana oti n'kuikapo chikhatho popanda kukhudza chipsera, ndipo zipsera zina sizinali za tsiku lija la moto.

Patatha masiku makumi anayi a maliro ndinadutsa pakhomo pawo ndikuchokera ku Kachulu. Pakhonde panali mayi wina wachilendo, kamtolo ka zovala pambali, dzanja ataliika mkati mwa bulauzi. Anati wachokera ku Chisi, anthu amuuza kuti afunse kwa Abiti wa bere limodzi.

"Anatisiya, mayi. Tinaika mwezi watha."

"Nanga ku Zomba ndipita ndi ndani?"

Ndinamuuza kuti tipita limodzi mawa, akagone kwathu. Anavomera, koma anapempha kuti apume kaye pang'ono, poti wayenda kuchokera padoko. Ndinakhala naye pamenepo. Chitseko chinali chomangidwa ndi waya. Mtsuko wa madzi unali chozondoka pafupi ndi khomo, mafuwa atazizira, nkhuku abale atagawana. Pakhoma, pamene Abiti ankatsamira akamapeta mpunga, dothi linali losalala ndi lakuda chifukwa cha msana wawo, ndipo chiswe chinali chitayamba kale kukwera pamenepo. Mayi uja sanatsamirepo. Anakhala chapambali, kumapeto kwa khonde, ngati mwini nyumba angotuluka pang'ono.